Ndinasambitsa Amene Anandilanda Mwana

Ine ndinali mkazi wapakamwa. Amene munandidziwa pa msika wa Sakubva zaka zija musachite kuyang'ana pansi, ndikukuonani. Ena mwa inu ndinakutukwanani chifukwa chongofinya tomato wanga osagula. Ndine Nambewe, mayi wake wa Sisitere Felista wakhala apoyo. Lero masisitere athu akukumbukira kubwera kwawo muno mu Mutare, ndiye andipempha kuti ndinenepo mawu. Akuti ndiyamike. Chabwino, ndiyamika, koma muyambe mwamva zowawa, chifukwa ine sindinafike pano ndikuimba.

Ndilankhula Chinyanja. Ana inu amene munataya chilankhulo cha agogo anu, mukodole wamkulu amene mwakhala naye pafupi, azikunong'onezani m'Chishona.

Ndinabadwira pa pulazi ya fodya kufupi ndi Odzi. Makolo anga anachokera ku Dowa pa malole aulere aja ankatenga anthu kudzagwira ntchito kuno. Ine ku Malawi sindinapondeko mpaka lero. Kwathu kunali pa komboni, pakati pa utsi wa mabalani ndi fumbi la mathirakitala. Amayi anga anali mdzukulu wa maliro, ndiye kuti mmodzi wa amayi osambitsa akufa, ndipo ntchitoyo anandisiyira ine. Munthu wamkazi akamwalira pa komboni, ankathamangira kwa ine. Manda athu anali kuseri kwa mabalani, pansi pa mitengo ya masuku. Kumeneko kunagona amayi anga, mwamuna wanga, ndi ana anga aakazi awiri amene anapita ali makanda.

Kenaka inabwera jambanja, chipwirikiti chija cholanda mapulazi a azungu. Sindikunena kuti mzungu mwini pulazi yathu anali wabwino, ayi. Anatikhetsa thukuta, ndipo tinakalamba tilibe ngakhale mbuzi. Koma minda itayamba kugawidwa, ife amene tinkailima sitinaitanidwe. Anati ndife mabwidi, alendo opanda mutupo, ndiye kuti opanda mfunda, tibwerere kwathu. Kwathu kutiko? Mchombo wanga unagwera pa pulazi pomwepo.

Patapita nthawi ndinabwererako ndi tsache kuti ndikasese pamanda. Ndinapeza masuku atadulidwa, fodya atamera mpaka kumene kunali mutu wa amayi anga. Mwini watsopano anandiuza kuti pamalopo sipanakhalepo manda. Anati ndikaimabe pageti andimasulira agalu. Ndinabwerera ndi tsache langa.

Tsiku limenelo ndinamuuza Mulungu kuti tasiyana. Ndinali wobatizidwa, inde, ndinkaimba m'kwaya ansembe akabwera pa pulazi. Kolona ndinaiponya pansi pa bokosi. Ndinapeza kachipinda ku Sakubva, ndinayamba kugulitsa tomato masana n'kumafulula mowa wa chikokiyana kuseri. Theka ndinkagulitsa, theka ndinkamwa ndekha. Ndikamwa pakamwa pankatseguka, ndipo panalibe amene ndinkamusiya.

Chinthu chimodzi chokha chinanditsalira, ndicho mbumba. Anzathu Achishona mumawerengera mtundu kwa bambo. Ife Achewa mtundu umayenda mwa mkazi. Mwana wanga wamwamuna anapita ku Joni, anakwatira komweko, ndipo ana ake ndi a kuchikazi, sadziwa ngakhale kundipatsa moni. Alongo ndinalibe kuno, achemwali ndinalibe. Ndiye Felista, chitsirizira changa, ndiye anali mbumba yonse ya amayi anga. Ndinkamuyang'ana akubwera ndi ndowa pamutu n'kumati mumtima, atilanda minda, atilanda manda, koma mimba iyi sangatilande. Ana ake adzatchula dzina la amayi anga, ndipo sitidzatha.

Masisitere anafika nthawi yomweyo. Wansembe wina wachikulire amene ankayendera mapulazi anakadandaula ku Malawi kuti nkhosa zake zabalalika, zikufa popanda wozipempherera m'chilankhulo chawo. Ndiye a ku Malawiko anatumiza atatu. Anabwera pa basi kudzera ku Tete, aliyense ndi kachikwama kake. Anachita lendi zipinda ziwiri kuseri kwa nyumba ya munthu, mzere womwewo umene ndinkakhala ine. Chimodzi ankagonamo pansi, china ankapemphereramo. Mmodzi anadwala mvula yoyamba isanathe, anabwerera kwawo. Anatsala awiri. Mkulu wawo anali Sisitere Tekla wa ku Dedza, wamfupi, woyenda ngati akuthamangitsidwa, nsapato za tenisi kumapazi.

Inu achinyamata mukuona makoma awa, mukuona sukulu ya mkaka, mukuganiza kuti zinagwa kumwamba. Ayi. Amayi awiri aja ankayenda wapansi kufunafuna anthu a m'mapulazi, m'mbali mwa mtsinje wa Sakubva, m'misewu ya ku Odzi, m'tizisakasa ta mapulasitiki. Ankaphikira ana phala m'diramu lodula pakati. Ankasinja chiponde n'kumagulitsa m'mabotolo, ankasoka mayunifolomu. Munthu akafa wopanda wachibale, iwo ankatsata bokosi lake mpaka kumanda a kanselo ya mzinda. Zonsezi ndinaziona ndi maso anga, ndipo sizinandikhudze ngakhale pang'ono.

Ndinkadana nawo. Chichewa chawo chinali chosalala, chathu chosakanikirana ndi Chishona, ndipo ndikalankhula ndinkaona ngati akundimvera chisoni. Akadutsa pa tebulo langa la tomato ndinkawakuwiza. Ndinkati, "Inu muli ndi kwanu! Mukatopa nafe mukwera basi. Ife tikwera chiyani?" Sisitere Tekla ankangoti, "Mwaswera bwanji, Anambewe?" Moni umenewo unkandikwiyitsa kuposa chitonzo.

Felista anayamba kupita kukawathandiza kutakasa phala. Ndinamulola chifukwa ankadya komweko, ndipo kunyumba kunalibe kanthu. Ndinadzitchera ndekha msampha. Tsiku lina akutsuka mbale anangoti, "Amayi, ine ndikufuna kukhala sisitere."

Abale, ndinasiya tomato pamsika. Ndinakaima pakhomo pawo, mzere wonse unatuluka kudzaonerera. Ndinamutcha Sisitere Tekla wakuba. Ndinamutcha mkazi wouma, wosavinidwa, wosadziwa mwambo, amene anathawa mtondo ndi mwamuna n'kudzabisala m'velo. Ndinati popeza mimba yako inakukanika, wabwera kudzakolola m'munda mwanga. Iye anatulutsa mpando kuti ndikhale. Ndinaukankha ndi phazi.

Nditatopa anandiyankha. Anati, "Anambewe, ife sitiba ana. Felista ndi wamkulu, msiyeni ayese. Koma ndikukulonjezani pamaso pa anthu onsewa, malumbiro otsiriza sadzachita pokhapokha inu mutamugwira dzanja n'kumupereka nokha."

Ndinati, "Ndiye mudzadikira mpaka Yesu adzabwere."

Felista anapita. Anali mtsikana woyamba wobadwira kuno kulowa m'nyumba mwawo. Ine ndinatsala ndi diramu langa la mowa.

Zaka zinadutsa. Tizinyumba ta ku Sakubva titagwetsedwa ndi boma, ndinapezeka ku Gimboki, kopanda madzi, kopanda msewu. Tsoka langa, masisitere nawonso anapatsidwa malo chakuno. Anaumba njerwa okha, mavelo atamanga kumbuyo. Atsikana anayamba kubwera. Kunabwera Amanyika a ku Honde, kunabwera Andau a ku Chipinge, kunabwera ena ochokera kutsidya ku Manica amene ankapemphera m'Chipwitikizi. Kenaka anatsegula nyumba ina ku Arda Transau, pakati pa anthu amene anasamutsidwa ku Chiadzwa. Ndikamva belu lawo m'mawa ndinkalavula. Mbumba ya mkazi wosabereka inkakula, yanga ikufota, ndipo ndinkadzifunsa ngati chilungamo cha Mulungu n'chimenechi.

Chaka ndi chaka Felista ankabwereza malumbiro ake a kanthawi. Chaka ndi chaka ankabwera kunyumba, n'kugwada pakhomo, n'kundipempha. Ine ndinkamupatsa msana. Atsikana amene analowa pambuyo pake anachita malumbiro osatha, anavala mphete, iye akadali pomwepo. Ndinkadziwa kuti zikumupweteka. Ndinkati zimupweteke, mwina adzakumbukira amene anamuyamwitsa.

Koma Mpingo sulola munthu kubwereza malumbiro a kanthawi mpaka kalekale. Nthawi inakwana yoti alumbire kotheratu kapena atuluke. Ndinamva kuti masisitere aang'ono anachonderera. Ndinamva kuti ngakhale bambo mfumu ananena kuti lamulo la Mpingo silifuna chilolezo cha mayi, makamaka mayi woledzera ngati ine. Sisitere Tekla anakana. Anati analonjeza pamaso pa anthu, ndipo nyumba yomangidwa pa bodza siidzaima. Anamuuza Felista kuti, "Mako ndi mako, angachepe mwendo. Pita kwa amayi ako." Wochepa mwendoyo ndinali ine, ndinamva bwinobwino.

Felista anafika masana, atavala chitenje, mutu uli pamtunda, kachikwama m'manja. Ndinaimba nthungululu mpaka oyandikana nawo anatuluka. Ndinapha nkhuku. Ndinauza aliyense pa chitsime kuti Nambewe wagonjetsa masisitere ndi Papa yemwe.

Walira mvula walira matope. Mwana uja sanandiyankhe mwano ngakhale tsiku limodzi. Ankatunga madzi, ankasesa, ankakhala pa tebulo la tomato, ankanditsukira diramu la mowa. Ndikagwa pakhomo nditaledzera ankandidzutsa n'kundipukuta. Belu la masisitere likalira ankaima kaye pamene ali, milomo ikunong'ona pemphero, kenaka n'kupitiriza ntchito. Ndinamubweretsera amuna. Ndinabweretsa woyendetsa kombi, ndinabweretsa mphunzitsi wina amene mkazi wake anamwalira. Aliyense ankamupatsa madzi atagwada, ndipo akachoka ankandiuza kuti, "Ngati mwalamula, Amayi, ndipita."

Ha! Mawu amenewo! Akanandinyoza bwenzi ndikudziwa chochita, chifukwa kunyozana ndiye inali ntchito yanga. Koma "ngati mwalamula" ndinalibe poyigwira. Amuna aja nawonso ankaona okha kuti pano palibe mkazi, ankangochoka osabweranso. Felista anayamba kuonda. Mafupa a m'khosi anatuluka, maso analowa. Amayi a pa chitsime ankandifunsa ngati mwana akudwala, ine n'kumawatukwana. Mumtima ndinkadziwa kuti ndabweza thupi lokha. Koma ndinali wokonzeka kuti afere m'nyumba mwanga kusiyana n'kuti akhale moyo m'nyumba mwa mkazi uja. Ndikunena zimenezi iye akumva, ndipo akudziwa kuti sindikunama.

Kenaka Sisitere Tekla anadwala matenda a m'mimba amene madokotala anati sachira. Akuluakulu ake ku Malawi anamuitana kuti abwerere akafere kwawo. Iye anakana kukwera basi. Anati ana ake ali kuno, adzagona kuno.

M'mawa wina anatuma sisitere kudzandiitana. Ndinapita, ndipo sindibisa, ndinapita kukaona mmene wathera. Ndinamupeza atatsala mafupa, koma maso ali gwa ngati kale.

Anati, "Mwabwera, Anambewe. Khalani apa. Ndikufuna mudzakhale mdzukulu wanga, mudzandisambitse ndinu."

Ndinati, "Ine? Ana anu onse mwadzaza nawo nyumbawa alibe manja?"

Anati, "Mwambo mukuudziwa kuposa ine. Ndiponso mdzukulu amaloledwa kunyoza maliro. Inu mwakhala mukuyeserera zaka zonsezi. Ndimupeza kuti wina waluso ngati inu?"

Ndinatsala pang'ono kuseka, koma ndinadzigwira. Anzathu Achishona mukudziwa zimenezi, inu mumati sahwira. Ndi munthu wosakhala wachibale amene amagwira thupi, ndipo pamaliro amanena chilichonse chimene akufuna popanda womuletsa. Amayi anga anandiphunzitsa kuti maliro sakanidwa, ngakhale a mdani wako. Ndiye ndinavomera. Ndinakhala pamenepo kudikira kuti atchule dzina la Felista, kuti andipemphe, kuti ndimukanire komaliza ali moyo. Sanatchule. Anangondifunsa ngati tomato akuyenda malonda.

Anamwalira m'nyengo yozizira, dzuwa litangotuluka. Ndinatenga beseni, sopo ndi nsalu, ndinamuuza Felista kuti anditsate. Ndinkafuna aphunzire ntchito ya agogo ake, popeza tsopano anali wanga. Titafika ndinapeza chipinda chitadzaza masisitere, ena atagwada, ena akusisima. Ndinaomba m'manja. Ndinati, "Ana a malemu nonse panja! Wachibale sagwira thupi." Anatuluka onse, ngakhale mkulu wawo watsopano. Mdzukulu akalamula palibe amatsutsa. Tinatsala awiri, ine ndi Felista, chitseko chotseka.

Ndinavundukula nsalu. Abale anga, mkazi uja anali ndi mphini. Pachifuwa, pamimba, kuzungulira m'chiuno, mizere yomweyo imene anali nayo amayi anga. Ndinaima manja ali m'malere. Uyu amene ndinamutcha wosavinidwa pamaso pa mzere wonse wa Sakubva anali atavinidwa. Anakhala m'tsimba, anamva malangizo onse amene ine ndinamva, ankadziwa bwino lomwe kuti mbumba n'chiyani ndipo mwana wamkazi ndi ndani. Zaka zonsezi anali nazo pansi pa malaya otuwa aja, ndipo sananditsutse ngakhale kamodzi.

Ndinanyika nsalu m'madzi, koma madziwo ankagwedera. Ndinayang'ana m'mwamba. Felista anali atagwira beseni ndi manja awiri, misozi ikugwera m'madzi momwemo. Sankatulutsa mawu, ankaopa ine. Ndasambitsa akufa ambiri, ndipo ndimadziwa kulira kwa mnansi, ndimadziwa kulira kwa wongoperekeza. Uku sikunali kumeneko. Umu ndi mmene ndinalirira ine tsiku limene amayi ena ananditulutsa m'nyumba kuti asambitse amayi anga.

Sindinaganize. Pakamwa pomwe paja panatukwana Mutare yense panangotseguka pokha. Ndinati, "Tula beseni. Tuluka. Mwana sasambitsa mayi ake."

Anandiyang'ana. Anati, "Amayi, mwati chiyani?"

Ndinati, "Wamva. Pita kwa abale ako panja."

Anatula beseni pansi, anatuluka. Nditamva chitseko chikutsekeka m'pamene ndinazindikira chimene ndanena. Ndinafuna kuthamanga kukabweza mawuwo, koma mdzukulu sasiya thupi pakati, ndipo mwambo sunama. Ndikanamusiya mwana uja kuti agwire thupi lija, ndikanalakwira amayi anga amene anandiphunzitsa. Mwambo womwewo umene ndinkatsekera nawo chitseko ndi umene unamutulutsa m'manja mwanga. Ndikhulupirira kuti anali Mulungu. Sanadikire kuti mtima wanga ufewe, chifukwa akanadikira mpaka lero. Anangogwira lilime langa.

Ndinamusambitsa ndekha Sisitere Tekla. Ndinamutembenuza ndekha, anali wopepuka ngati mtolo wa udzu. Ndikusambitsa ndinkamulalatira. Ndinati wandichenjerera, mkazi wa ku Dedza iwe, wandipha ndi mpini wanga womwe. Ndinamulalatiranso Mulungu, koyamba kulankhula naye chichokere ku pulazi. Silinali pemphero lokoma, koma linali pemphero. Ndinamudzoza mafuta, ndinamuveka malaya ake, ndinamumanga velo bwinobwino.

Kumanda ndinachita ntchito yanga yonse. Ndinavala nsapato zake za tenisi, ndinayenda mothamanga ngati iye, ndikupatsa moni mitengo ndi miyala. Anthu anaseka misozi ili m'maso, ansembe omwe anabisa nkhope. Ndinaima pamwamba pa dzenje n'kunena kuti, "Wakuba iwe, wapita osabweza!" Anthu anaseka poganiza kuti ndi nthabwala za mdzukulu. Ine ndinkanena zoona. Ndinakhala pansi pa dothi lofiira lija n'kulira, chinthu chimene mdzukulu sachita.

Maliro atatha, sisitere wachikulire uja amene anabwera ndi Tekla pa basi anandikokera pambali. Anandiuza kuti Tekla analinso mwana wamkazi mmodzi yekha m'nyumba mwa amayi ake. Anachita kuthawa popita ku usisitere, ndipo amayi akewo anamwalira osamulankhula. N'chifukwa chake analumbira kuti m'nyumba imene iye adzamange, mwana sadzalowa kudzera pawindo. Ndinamufunsa chifukwa chimene sanandiuzire ali moyo. Anati Tekla ankakana, ankati chisoni sichiyenera kukhala chingwe chokokera munthu.

Sabata yotsatira ndinamuperekeza Felista kwa masisitere. Kachikwama kake ndinanyamula ine. Anamuyesanso kwa nthawi monga mwa malamulo awo, kenaka tsiku linafika. Ndinamugwira dzanja kuchokera pakhomo la tchalitchi lino mpaka paguwa apo. Chithunzi chilipo m'chipinda chawo cha alendo, mukachione. Aliyense akumwetulira kupatula ine.

Diramu la mowa ndinaliboola pansi, pano ndimadzalamo anyezi. Ndinapita kukalapa, ndipo bambo mfumu anatopa ine ndisanathe. Kolona ndinaifukula pansi pa bokosi, mikanda ina itathothoka, ndimapemphera nayo yomweyo.

Koma musandiyese woyera, ndipo musaganize kuti zonse zinakoma. Mbumba ya amayi anga ithera pa Felista. Palibe mwana amene adzalire m'nyumba mwanga, palibe amene ndidzamubereke kumbuyo. Ndikakumana ndi anzanga akupita ku sikelo ndi ana a ana awo, ndimapatuka n'kuyamba kuyang'ana zinthu za m'sitolo zimene sindigula. Masisitere aang'onowa amanditcha gogo, ndipo ndimawakonda, koma asandinamize kuti n'chimodzimodzi. Si chimodzimodzi. Masiku ena ndimadzuka ndili ndi mlandu ndi Mulungu, ndipo ndimamuuza. Kusiyana kwake n'kwakuti kale ndinkamupatsa msana, pano ndimamuuza ndikumuyang'ana.

Ndiye ndikuyamika, monga anandipempha. Ndikuyamika Ambuye chifukwa cha amayi atatu amene anatsika basi ndi tizikwama kudzafuna anthu amene dziko linawalavula. Ndikuyamika chifukwa cha zipinda ziwiri za ku Sakubva zimene zabala nyumba zonsezi. Ndikuyamika chifukwa cha mkazi wamfupi uja wagona kuseri kwa tchalitchi lino, amene anasunga lonjezo lake kwa chidakwa ngakhale linamudyera mwana amene ankamukonda. Ndikuyamika chifukwa mwana wanga ananenepa, taonani masaya akewo.

Inu amene mwakhala kumbuyoko manja mutapinda, amene munabwera chifukwa cha mpunga wa pambuyo pa Misa, ndikukudziwani, ndinali mmodzi wa inu. Ena anakulandani minda, ena anakulandani amuna, ena mwafumbata mwana mpaka akubanika ndipo mukuti n'chikondi. Sindikukuuzani kuti muyambe mwasiya mkwiyo. Bwerani nawo womwewo. Mulungu ameneyu anapirira pakamwa pa Nambewe, sangalephere panu.

Za ine ndawauza kale masisitere, ndipo ndikubwereza pano kuti nonse mukhale mboni. Tsiku langa likadzafika, adzandisambitse wina aliyense amene angafune, Mndau kaya Mmanyika, ndilibe nazo kanthu. Koma Felista mudzamutulutse panja. Ndinamupereka ndi dzanja langa, inde, koma akadali mwana wanga.

Yesu Khristu atamandike, lero ndi masiku onse. Amen.